Uvuni Wotsiriza wa a Ngondo

1.
Pakatuluka utsi, mata.

Ndi mawu a bambo anga amenewo, a Ngondo, wootcha makala wa ku Neno. Mitengo ukaiunjika n'kuikwirira ndi zibuma, moto uzidya pang'onopang'ono mkatimo. Pakangong'ambika penapake, moto umapuma, ndipo mawa lake umapeza phulusa lokhalokha. Ndiye umazungulira uvuniwo, dothi lili m'manja.

2.
Pa wailesi, zaka ziwiri zapitazo.

Mtolankhani uja anandifunsa, Mayi Esinala Ngondo, inu ndinu injiniya, mumagwira ntchito kunja, tatiuzani, akuwononga dziko lathu ndani?

Ootcha makala, ndinatero ine. Anthu amenewa alibe chisoni ndi ana awo.

Ine. Pakamwa pangapa. Koma abale, maikolofoni imaledzeretsa kuposa kachasu.

3.
Amayi pa foni:

Bambo ako anamva. Anali pa bawo ndi anzawo, wailesi ili pakati.
Ndiye anati chiyani?
Palibe. Anangotola khasu n'kulowera kuseri.
Apatseni foniyo, chonde.
Akuti manja ngakuda.

Sabata yotsatira, manja ngakuda. Pa Khirisimasi, manja ngakuda. Zaka ziwiri zathunthu munthu osasamba m'manja! Ndinadziwa kuti bambo ndawataya, ndipo ndinawataya ndekha.

4.
Zimene zinatuluka mu uvuni wa a Ngondo:
yunifolomu yobiriwira
nsapato zazikulu, akuti ukuliramo
sutikesi ya malata
kalikuleta
chifuwa chawo chija chosatha
ine

5.
Iwe Esinala, umadzuka m'dziko lozizira la eni, umavala chipewa cholimba, umapita kufakitale ya simenti kumene utsi saulola kukwera kumwamba, amaugwira pa chumuni n'kupatulamo mpweya woipa uja wa kaboni umene ukutenthetsa dziko, amaufinya mpaka uziyenda mu mpope ngati madzi, n'kuutsitsira pansi penipeni m'miyala ya timabowo, pamwamba pake pali thanthwe lotseka, ndipo iwe ntchito yako ndi kuzungulira ndi kamakina m'manja kufufuza ngati pena pakutuluka, umazungulira, umazungulira, azungu anzako amati uli ndi diso, iwe umangoseka, sunawauzepo kumene unalitenga disolo, ndipo ukaweruka umayang'ana foni imene siilira

6.
Esinala wabwera. Watsika basi pa Zalewa, wakwera njinga yamoto, fumbi mpaka m'makutu. Amayi ake amukumbatira, amuloza kuseri ndi mlomo.

Kuseriko kuli chimulu chachitali chimene iye sakuchikumbukira. Chayanga maungu. Pamwamba pake pakhala nkhalamba yoonda, ikutsokomola. Esinala wagwada patali pang'ono.

7.
Bambo, ndabwera.
Ndakuona. Wanenepa. Kumeneko mumadya simenti yomweyo?
Bambo, za pa wailesi zija.
Taima kaye. Tandiuza bwinobwino ntchito yakoyo. Amayi ako akafotokoza amasokoneza, akuti umaika utsi m'manda.

Ndinafotokoza zonse, chumuni, mpope, thanthwe. Anamvetsera maso ali tsinzi.

Ndiye pansipo ukhala mpaka liti?
Mpaka kalekale, bambo. Bola pasang'ambike.
Nanga pakang'ambika?
Timatseka.
Ndi chiyani?
Ndi simenti.

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Iii, mayo ine! Sukulu yonse ija, ndege yonse ija, kukathera kumata uvuni wa azungu!

8.
Pakatuluka utsi, mata.

9.
Ndinaseka nawo, kenako misozi. Ndinati, bambo, ndinakulakwirani. Ndinakunyozani dziko lonse likumva. Mukandikana, mukhoza.

Iwo anandiyang'ana manja. Kenako anaonetsa awo. Oyera. M'zikhadabo munali dothi lofiira la m'munda basi.

10.
Zimene sindinafunse zaka ziwiri zonsezo:
ngati akuotchabe
chimene anakachita kuseri ndi khasu lija
chifukwa chake amayi anayamba kugulitsa maungu

11.
Tsopano akulankhula ndi a Ngondo.

Nangondo mwana wanga, bwera ukhale pano. Ayi, pamwamba pompano, sipagumuka.

Zinandiwawa, usaname kuti sizinandiwawe. Anzanga pa bawo paja anazolika mitu ngati pamaliro. Koma iwe unalankhula nthawi yaitali, ndipo ine ndinamva zonse, osati mawu oipa okhawo. Unati mtengo umameza mpweya woipawo, makala amausunga, ndipo tikawayatsa umathawira kumwamba. Unati iwe umaubweza pansi.

Tsiku limenelo uvuni wanga unali utapsa, ukungodikira kufukula. Mitengo ya tsanya yokhayokha, makala olira ngati chitsulo, abwino kuposa onse amene ndinaotchapo. Ndinafika ndi khasu kuti ndifukule. Ndinaima. Ndinati, mwana wanga ali kutali, akukwirira utsi yekhayekha pakati pa alendo, ine bambo wake ndikhale ndikumuwonjezera ntchito?

Ndiye sindinafukule. Ndinawonjezera dothi.

Pa foni ndikanati chiyani? Ine mawu a wailesi ndilibe. Ndimafuna ubwere udzaone ndi maso, poti ndiwe katswiri.

Wakhala pamwamba pake, Nangondo. M'mawa uliwonse ndimazungulira, mvula ikakokolola ndimamata. Koma miyendo yayamba kukana, ndipo maso achita nkhungu.

Tadzuka, uzungulire. Undiuze ngati pena pakutuluka.