Jekete ya a Gwenzi

"Nsapato zija zili kuti? Bweretsani zonse," anatero azakhali, a Mazvita, akukutumula malaya a malemu mchimwene wawo, a Gwenzi.

Panali patapita masiku awiri chiikire a Gwenzi m'manda. Zovala zawo anaziunjika pamphasa, pabwalo la nyumba yawo ku Sakubva, ndipo azakhaliwo ndiwo ankagawa. Ankanyamula chovala, kuchiwaza madzi, n'kutchula dzina.

Shupikai, mwana wamkazi amene anadwazika bambo ake zaka zitatu, anakhala chapambali, manja ali pamiyendo. Kumanda sanalire. Apanso ankangoyang'ana ntchentche imene inkayenda pachala chake.

Mchimwene wake Tonderai anafika kuchokera ku Joni m'mawa wa maliro, atatha zaka zisanu ndi chimodzi osaponda pakhomopo.

"Basi yanga ndi ya Lachisanu," anatero. "Za nyumbayi tikambirane lero. Pali munthu akufuna kuigula."

"Iwe, dothi silinaume n'komwe pamanda," anatero azakhali.

"Ndiye ndidzabwerenso liti, azakhali? Ntchito siidikira."

"Ine ndi Ruvarashe tipite kuti?" Shupikai anafunsa ngati akufunsa mtengo wa tomato.

"Tigawana. Ukapeza chipinda ku Dangamvura."

"Chabwino, achimwene."

Tonderai anadikira kuti mlongo wakeyo anene zina.

Azakhali ananyamula chipewa n'kupatsa Ruvarashe, mwana wa Shupikai, mtsikana wa folomu 4. "Tenga, mkazi wamng'ono. Amuna ako aja akusiyira ichi basi." Ndi momwe agogo ake ankamutchulira chibadwire. Mtsikanayo anachilandira ndi manja awiri, nachiika pabondo.

Pansi pa mulu panatsala jekete yakuda, ya kutchalitchi.

"Iyi ndi ya mwana wamwamuna. Vala pompano tione."

"Azakhali, bambo anali chimphona. Ine ndimira m'menemo."

"Vala, kafupi iwe. Ukamira tikuvuula."

Anavala. Mapewa anakhala bwino. Manja a jekete anathera pomwe ayenera kuthera. Mabatani anatsekeka osavuta.

Tonderai anapinda mkono umodzi n'kuyang'ana mkati. Ulusi unali watsopano. Msoko unali wokhotakhota, pena wothina, pena wotayana, wosayenera bambo ake amene anakhala telala zaka makumi anayi pamsika wa Sakubva.

"Anaibweza mu Juni, amalume," anatero Ruvarashe. "Manja anali akunjenjemera, makina osawathanso. Ine ndinkangowalowetsera ulusi m'singano. Muyeso anautenga pachithunzi chimene munatumiza pa Khirisimasi. Anatha sabata ziwiri."

"Ananena chiyani?"

"Anati mwanenepa."

Palibe anaseka. Kumsewu kunadutsa mayi wogulitsa masamba akuitanira malonda, koma ataona anthu pamphasa anasiya, napita mwakachetechete.

Tonderai anaima choncho, dzuwa likumuwomba mu jekete yakudayo. Kenako anati, osayang'ana aliyense, "Munthu uja ndimuuza kuti nyumba ili ndi anthu."

Shupikai anadzuka pang'onopang'ono, miyendo itachita dzanzi, naima patsogolo pa mchimwene wake. Anamukonza kolala, n'kuchotsa kaulusi kamene kanatsalira pathumba. Kenako anamumenya kawiri paphewa ndi chikhatho, monga bambo awo ankachitira ndi aliyense wotuluka m'shopu mwawo atavala chatsopano.

"Pita," anatero, ndi mawu a bambo awo. "Usakandichititse manyazi."