Phiko pa Injini ya Alamu Anga

Anthu akabwera kushedi kwanga padoko kudzafunsa ngati phiko lomangirira pa injini ya boti limathandizadi, ndimawayankha kuti eya, limathandiza. Boti limadzuka msanga, silikwezanso mphuno kumwamba, petulo amapita wochepa. Liwiro la pamapeto limatsikako, koma mwini boti lolemera sangadandaule nazo. Akati ndiye timangireni, ndimawalozera kwa makaniko wa kutsidya. Amachoka akung'ung'udza kuti Mujah wakalamba ndi nkhanza zake. Anene, pakamwa ndi pawo.

Phiko lomaliza kumanga ine linali la alamu anga a Unggat, amene tonse timawatchula Apai Lulong, kutanthauza bambo a Lulong, kutengera dzina la mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo. Mayi a Lulong anali mchemwali wanga Empiang. Anamwalira pobereka mwanayo, m'bwato, tikupalasa kupita kuchipatala, kutatsala chaka chimodzi kuti damu litseke mtsinje. Mkazi wopita motero kwathu saikidwa pamodzi ndi anzake, choncho tinamuika payekha kuseri kwa chitunda. Tsiku limene akuluakulu anapha nkhumba n'kuitana akufa onse mayina kuti asamuke nafe madzi asanafike, dzina lake silinatchulidwe. Mwambo sulola. Ine ndinali pomwepo, ndinamwa nawo mowa wa mpunga, ndipo sindinatsegule pakamwa.

Madzi anakwera n'kumiza nyumba yathu yaitali ya mudzi wonse, ya makomo makumi awiri ndi atatu, banja lililonse khomo lake, minda ya tsabola, manda, zonse. Pamene anagona Empiang lero ndi pakati pa nyanja, ndipo chizindikiro chake ndi nsonga ya mtengo wouma umene unakana kugwa. Mtengowo uli pakatikati pa ulendo wochokera kunyumba yatsopano kumtunda kubwera kudoko kuno, kumene kuli msika ndi chipatala.

Boti la alamu linali ndi khalidwe. Likachoka limathamanga bwinobwino pamwamba pa madzi, koma likangofika pa mtengo uja kumbuyo kwake kumatitimira ngati mwakwezamo thumba la mpunga, mphuno n'kuloza kumitambo. Kuchokera pamenepo limayenda mokwawa, injini ikulira mwachisoni, mpaka pa madzi osaya, pomwe limapepukanso lokha. Ulendo wa ola limodzi ndi pang'ono unkawatengera maola awiri. Iwo sankadandaula. Akafika pa mtengowo ankachepetsa moto, n'kuponya m'madzi ndudu ya fodya wopichira m'tsamba, n'kunena chapansipansi kuti, “Tiyeni, mayi a Lulong.”

Ine ndi munthu wa masipanala, zoterezi zimandinyansa. Ndinkati pamenepo pamadutsa mtsinje wakale pansi, madzi ake amakoka. Ndinkati injini njolemera kuposa boti. Chimene ndinalibe nacho yankho chinali chimodzi. Pamwamba pa pulopela pali kachitsulo kophwatalala, ndipo pa injini ya alamu penti ya pa kachitsuloko inkasupuka mbali zonse ziwiri, pamalo pokwana dzanja, mpaka kuwala ngati mpini wa chikwanje chakale. Anasintha injini katatu pa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Zitatu zonsezo zinasupuka pamodzimodzi.

Ndiye Lulong anakhala woyembekezera, mwamuna wake ali kutali kuntchito ya pa sitima. Ine tulo tinandithawa. Nditapita kumtunda kukathandiza kukolola mpunga, ndinanyamula phiko lakuda la pulasitiki, mabawuti anayi ndi chobowolera. Ndinawapeza alamu pagombe akusoka ukonde.

“Alamu, kwezani injiniyo, ndimange ichi.”

“Chimenecho ndiye chiyani? Mwayamba kugulitsa mbale?”

“Ndi phiko. Limanyamula kumbuyo kwa boti. Pa mtengo paja muzidutsa ngati mbalame.”

Analitembenuza uku ndi uku, nkhope ili gwa. “Limakhala pati?”

Ndinawalozera kachitsulo kaja.

“Mukaphimba pamenepo,” iwo anatero, “agwira pati?”

“Agwira ndani? Ndere?”

“Musadzipusitse, alamu. Mukumudziwa. Ndi wa mimba imodzi ndi inu.”

Apa mtima unandiphulika. “Ndikumudziwa, eya. Ndinali kutsogolo kwa bwato tsiku lija, ndikupalasa mpaka manja kutuluka magazi, ndipo tinachedwa. Mukufuna tichedwenso? Mukufuna mwanayu tikamuikenso payekha kuseri kwa chitunda?”

“Anesi anati Lulong apite akadikirire kuchipatala konko mwezi ukatha.”

“Mwana wa m'mimba amawerenga kalendala ya anesi? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, alamu. Wamoyo ndi uyu akupeta mpunga pakhondeyu.”

Anayang'ana kumusi kwa nyanja. Kenaka anaika ukonde pansi n'kukwera masitepe a kunyumba osacheuka. Ndinabowola mabowo anayi ndekha. Kunena zoona, pobowola la chiwiri dzanja langa linakhudza posupuka paja, ndipo panali pozizira kuposa chitsulo chonsecho, chikhalirecho injini inali itakhala padzuwa kuyambira m'mawa. Ndinamanga mabawuti mofulumira.

Tinaliyesa pafupi ndi gombe. Boti linadzuka lisanathe utali wake kasanu, linagona bwino pamadzi, pokhota silinapendame. Ine ndinasangalala ngati mwana. Alamu anamangirira botilo pachikhomo, ndipo milungu iwiri yathunthu sanapite nalo kumusi. Mchere utatha anakapempha kukhomo loyandikana. Phiko linakhala m'madzi mpaka ndere yobiriwira inalikuta.

Matenda anamuyamba Lulong m'mamawa wina, kutatsala milungu itatu kuti masiku ake akwane. Amayi a khomo loyandikana atamuona anatulukira pakhonde n'kutiuza kuti izi si za pakhomo, tinyamuke. Tinamugoneka pamphasa pakati pa boti, mutu uli pamiyendo ya amayiwo. Ine ndinakhala kutsogolo kuyang'ana zipika zoyandama, chifukwa nkhungu inali itagwira nyanja yonse. Alamu anakoka chingwe kamodzi, injini inalira.

Sindinaonepo boti limenelo likuthamanga chotero. Zisumbu zinkangotulukira m'nkhungu n'kubwereramo. Patapita nthawi ndinaona nsonga ya mtengo uja ikubwera kudzanja lamanja, ndipo nditacheuka ndinaona dzanja la alamu layamba kupotokola chogwirira kuti achepetse moto. Dzanja linalo linali kale m'thumba la malaya, momwe amasunga fodya.

“Musayerekeze!” ndinakuwa. “Onjezerani!”

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mwana wawo. Anaonjezera.

Tikudutsa pa mtengopo boti linagwedezeka kamodzi. Silinagunde kanthu, chipika ndimachidziwa kulira kwake. Linangokokeka kumbuyo pang'ono, injini inatsitsa mawu, ndipo kunamveka kulira kopyapyala, konga kwa chala chonyowa chikamatsetsereka pa mbale. Kenaka boti linamasuka n'kulumphira kutsogolo. Alamu sanacheuke. Maso awo anali pa ine, otseguka kwambiri, madzi akutsika m'masaya.

Lulong, amene anali asanayankhule chichokereni kunyumba, anatsegula maso.

“Malume, ndani uja?”

“Palibe munthu, mwana wanga. Gona.”

“Ayi, wina amaitana bambo. Amawatchula dzina lawo lenileni.”

Amayi aja anamutseka pakamwa ndi dzanja.

Tinafika patatha ola limodzi ndi mphindi khumi. Lulong anachira masana, mwana wamkazi. Anesi anatiuza mosabisa kuti tikanachedwa ndi theka la ola, bwenzi nkhani ili ina. Ine ndinatuluka m'chipatalamo chifuwa chili patsogolo, ndipo ndinatsikira kudoko kuti ndikawauze alamu kuti mwaonatu. Ndinawapeza atakweza injini, ataima m'madzi ofika m'mawondo, akuyang'ana phiko.

Pa ndere ija panali mizere. Inayi mbali iyi, inayi mbali inayo, yotalikirana ngati zala. Inayambira kutsogolo, pomwe phiko linaphimba posupuka paja, n'kutsetsereka mpaka kumapeto kwa pulasitiki. Chakumapetoko inali yozama, ndipo umodzi unali utakanda pulasitiki yeniyeniyo.

“Ndi nthambi,” ndinatero.

“Eya,” anatero alamu. “Masulani.”

Ndinamasula. Phikolo lili pansi pa tebulo m'shedi muno mpaka lero, mizere yake inaumira pomwepo.

Pobwerera kwawo alamu anaima pa mtengo uja, anaponya fodya, anati tiyeni mayi a Lulong. Boti linangoyandama. Anadikira mpaka dzuwa linapendeka. Mawa lake anabweranso ndi mbale ya mpunga, dzira ndi mowa, anazimitsa injini, anafotokoza zonse mokweza, kuti mwana ali bwino, kuti kwabadwa mdzukulu, kuti sanachitire dala. Boti silinatitimire. Papita zaka zitatu tsopano. Boti lawo ndi lopepuka kuposa onse panyanja pano, lopanda phiko lomwe, ndipo posupuka paja payamba kuchita dzimbiri kuzungulira mabowo anga anayi.

Sanandinenepo. Zikanakhala bwino akanandinena, ndikanawayankha, chifukwa mdzukulu akuthamanga pakhonde ndipo zitati zibwererenso ndikhoza kubowolanso. Koma ndimadziwa kuti mchemwali wanga tamusiya kawiri, ndipo kawiri konseko ine ndinalipo.

Mwezi wathawu anabwera kudzanditenga kuti ndikaone mdzukuluyo. Ndinakhala kutsogolo monga mwa nthawi zonse. Titafika pa mtengo uja anazimitsa injini. Kunali zii, dzuwa lili pamutu, madzi osagwedezeka. Anaponya fodya, tinamuyang'ana akuyandama mpaka ananyowa n'kumira.

“Alamu,” iwo anatero, osandiyang'ana, “tabwerani mudzakhale kumbuyo kuno.”

“Kukhaliranji? Kutsogolo kuyang'ane ndani?”

“Ndinu a mimba imodzi. Mwina kulemera kwake n'kofanana. Ndingolimvako mmene linkayendera.”

Ndinadzuka, ndinayenda chowerama mpaka kumbuyo, ndinakhala pambali pawo. Boti linatitimira, mphuno inakwera. Anakoka chingwe, tinanyamuka mokwawa, injini ikulira mwachisoni. Alamu ankamwetulira. Ine manja onse awiri ndinawapanira pakati pa mawondo, kutali ndi madzi, mpaka tinakafika.