Chitenje cha Ukwati wa Lonjezo

1.
Osaiphimba, amayi. Kompyuta imapuma ngati munthu.

Ndamva, anatero Anangondo.

2.
Lonjezo, mwana wawo wamwamuna, akukwatira Loweruka ku Joni. Mwendo wa Anangondo wakanitsitsa basi ya masiku awiri. Ukwatiwo adzauonera pa intaneti, pabalaza pawo ku Chilobwe, apo ayi sadzauona konse.

3.
Zimene Ndaziona, mlongo wake wa mkwati, anatulutsa m'chikwama Lachitatu:
kompyuta yakale imene kuntchito kwake anaitaya,
chingwe cholumikizira ku TV,
masipika awiri,
batire, poti magetsi alibe m'bale,
mswachi wakutha.

4.
Mukanamuona atagwada pasimenti, sikuludiraiva ali kukamwa, akutsegula kompyutayo ngati akutumbula nkhuku, akuichotsa fumbi ndi mswachi uja, akupachika kabokosi ka intaneti pazenera loyang'ana kuphiri la Soche poti netiweki imalowera kumeneko, akusendeza sipika iyi chala chimodzi, inayo zala ziwiri, kukakhala pampando wa mayi ake, kutsinzina, kumvetsera, kudzuka, kusendezanso, mpaka nyimbo ya kwaya inamveka ngati oimbawo abisala kuseri kwa kabati, ndipo aneba aja ankati mwana wamkazi ndi mawaya n'zosayenda anayamba kudutsa pakhomo kawirikawiri ngati ataya chinachake.

Manja. Mwanayu Mulungu anamupatsa manja, ankanong'onezana anebawo.

5.
Lachinayi.
Yazima.

Ndaziona anathamangirako masana, osadya. Anaipeza itafunditsidwa chitenje, ikutentha ngati mbatata ya paphulusa. Nsaluyo sanaiyang'ane n'komwe, anangoikoka.

Osaiphimba, amayi.

Ndamva.

6.
Zophimbidwa m'nyumba ya Anangondo:
wailesi,
Baibulo,
ndowa ya madzi akumwa,
makina osokera amene anafa kalekale.

Fumbi, anaganiza Ndaziona. Amayi ndi fumbi, nkhondo yake ndi yakale.

7.
Lachisanu.
Yazimanso.

Apa Ndaziona anachita mantha, ndipo mantha ake amatulukira pakamwa ngati ukali.

Amayi, kodi ndikulankhula Chizungu? Ikapsa lero, mawa mudzaonera khoma! Lonjezo adzakwatira inu mukuyang'ana khoma!

Anangondo anasisita bondo lawo lotupa.

Ndamva, mwanawe.

Kompyutayo inatenga ola lathunthu kuti izizire. Ola lonselo Ndaziona anaikupiza ndi chivundikiro cha poto. Itayaka, anatuluka panja kukapukuta maso.

8.
Loweruka. Pabalaza padzaza: azakhali, aneba, amayi a kutchalitchi, onse m'chitenje chimodzi chobiriwira chimene banja linasankhira ukwatiwu. Ndaziona naye wachimanga m'chiuno. Kwatsala mphindi khumi.

Anayang'ana pashelefu. Yaphimbidwa.

Anatambasula dzanja mwaukali, kenako linaima m'malere. Chobiriwira. Anayang'ana m'chiuno mwake, anayang'ananso pashelefu. Nsalu yake yomweyo. Lachinayi inali yomweyi, Lachisanu yomweyi.

Amayi...

Sindinaiphimbe, anatero Anangondo. Ndaiveka. Iwe wavala, ine ndavala, alendo avala. Nanga amene akundibereka kupita nane ku Joni ndani? Si ameneyu? Akalowe m'tchalitchi cha eni ali wamaliseche?

9.
Osaiphimba.

Ndaziona anagwadanso pasimenti paja. Anapinda chitenjecho kanayi, nachizunguliza pakati pa kompyuta, timabowo topumira tili poyera, n'kumanga mfundo pambali monga achitira mzimayi wodziwa kuvala.

Anadina batani.

Pa TV panaoneka khomo la tchalitchi, maluwa, kenako Lonjezo mu suti, akupukuta thukuta pachipumi ndi chala chachikulu monga ankachitira malemu bambo ake. Nthungululu zinang'amba denga.

Anangondo okha sanalulutire. Anakonza duku, anawongola msana, nayang'ana kompyuta yawo yovala bwinoyo.

Tafika, anatero.