Mizere Iwiri Pabwalo

Felista anali atangomaliza kusesa pabwalo pamene a Vitus, akulu ake a mwamuna wake, analowa ndi njinga yamoto. Anabwera molunjika kuchokera kumsewu mpaka patsinde pa mango, n'kuiliza kawiri kuti mudzi wonse umve.

"Nayi, Limbani," anatero akutsika. "Wina wa ku Chipata amaifuna, koma ndati ayi, ndiyambe ndaona mng'ono wanga. Theka la mtengo wa yatsopano."

Limbani anaizungulira, akusisita thanki ngati ng'ombe ya pamsika. Nkhani ya njinga inali itavuta m'nyumbamo kuyambira m'dzinja. Mwana wawo Tiyanjane, wa zaka zitatu, anali ndi mphumu. Ikamugwira, Limbani ankathamanga naye pa njinga yakapalasa mpaka kuchipatala kwa Guilleme, Felista ali kumbuyo, khutu lili pachifuwa cha mwanayo. Mtedza wa chaka chino anagulitsa ndi cholinga chimodzi basi.

Felista sanayang'ane thanki. Maso ake anali pansi. Padothi losesedwa bwinolo panali mizere iwiri yoyenda moyandikana, pakati pake potha kulowa zala zitatu. Njinga za kabaza zodutsa pakhomopo zinkasiya mzere umodzi, tayala lakumbuyo likuponda momwe laponda lakutsogolo.

"Alamu, inagwapo njingayi?"

A Vitus anaseka osamucheukira. "Limbani, kodi pakhomo pano njinga amagula ndi akazi?"

"Ndangofunsa."

"Ndamva, a Fomu Folo. Mayeso anu aja munalembanso za mainjini?"

Felista ananjuta pafupi ndi tayala lakutsogolo. Pakhosi pa felemu, pansi pa mahandulo, penti inali yakuda kuposa pena ponse, yamatuzamatuza ngati phala louma pamphika. Anakanda ndi chikhadabo. Inamatuka mosavuta.

"Apa anawotcherera," anatero. "Ndiponso yapindika. Onani mmene yapondera."

"Amake Tiya, tapitani mukaone mwana," anatero Limbani motsitsa mawu.

"Mwanayo ndiye ndikumuona pano."

A Vitus anavula chisoti n'kuchiponya pachishalo. "Chakale chilichonse chili ndi chipsera, mlamu. Pampu yanu yothirira simunagule yakale? Mashini osokera aja anali atsopano? Pamenepo simunanjute."

"Pampu ikafa imafera kudimba, munthu n'kubwerera wapansi. Mashini akafa ndimasoka pamanja. Iyi ikathyoka khosi pamtsetse wa kumlatho, tonse atatu tidzakhala tili pamwamba pake."

Amayi awiri ochokera ku mjigo anali ataima kuseri kwa mpanda, ndowa zili pamutu. A Vitus atawaona anakweza mawu.

"Ndiye ine ndine wakuba? Ndikufuna kupha mwana wa mng'ono wanga? Limbani, ndinakulera ine bambo atamwalira. Lero mkazi wako akundisecha ngati katundu wa pabodala, iwe uli duu."

"Achimwene, sakutanthauza choncho."

"Akutanthauza chiyani? Iweyo wamvera injini. Ikugogoda?"

"Ayi, injini ili bwino."

"Basi. Chimene chimayendetsa njinga ndi injini, osati penti."

Limbani anagwira thumba la malaya, momwe munali ndalama za mtedza zomanga ndi mphira. Felista anaona dzanja limenelo. Ankamudziwa mwamuna wake: pamaso pa akulu ake ankasanduka mwana wa sitandade wani. Anatembenukira kwa a Vitus.

"Chabwino, alamu. Mawa ndi Lamulungu. Mukweze mwana wanu Consolata kumbuyo, mutsike naye mtsetse uja mpaka kutchalitchi. Mukabwerako, abambo a Tiya akulipirani, ine sinditsegulanso pakamwa."

A Vitus anayang'ana kumsewu, kenako anatola chisoti chawo.

"Consolata amaopa njinga," anatero.

Dzanja la Limbani linachoka pathumba pang'onopang'ono. "Consolata? Amene amalira mukamusiya? Chaka chonse chatha amapita kutchalitchi atakhala pathanki pomwepa."

"Ana amasintha."

"Anasiya liti kukwera, achimwene?"

"Ukundizenga mlandu?"

"Mwezi watha munkatsimphina, munati mwaponda msomali," anatero Limbani. "Munagwa nayo, eti?"

Kuseri kwa mpanda mayi mmodzi anakhosomola. A Vitus anakwera njinga, anaiponda kangapo isanalire, ndipo italira anayankhula osayang'ana aliyense.

"Ngolo yanga musadzaitumire mwana nthawi yokolola. Chimanga chanu mudzatute pamutu, popeza mitu ndiye muli nayo yambiri pakhomo pano. Ndipo mwanayo akadzabanika, musadzagogode kwanga."

Anatuluka mwaliwiro, fumbi likugwera pazovala zomwe Felista anayanika.

Limbani anaima pomwepo nthawi yaitali. Kenako anatembenuka, maso ali psuu.

"Wasangalala? Unalephera kundikokera kumbali? Mpaka pamaso pa anthu?"

"Mukanandimvera kumbaliko?"

Limbani anapisa dzanja m'thumba. Anatulutsa ndalama zija, n'kuziponya pamphasa pakhonde.

"Sunga. Theka lotsalalo la yatsopano mpaka tidzakolole soya, ngati adzachite bwino. Miyezi yonseyi ndikhala ndikupalasa, iwe uzindiuza kuti ndifulumire."

"Ndizikuuzani," anatero Felista.

M'nyumba Tiyanjane anadzuka n'kuyamba kutsokomola. Felista anatola ndalamazo, anazimanga pansonga ya chitenje, n'kulowa. Anamunyamula mwanayo, anaika khutu pachifuwa pake, ndipo anamvetsera kufikira atatsimikiza kuti chinali chifuwa wamba. Panja, Limbani anali atagadamitsa njinga yakapalasa, akupopa tayala lakumbuyo mwaukali.