Adona Anagona Chagada

Achimwene anga ndi okonza mawotchi, koma mutalowa m'chipinda chawo simungadziwe. M'mashelefu monse muli timabokosi tagalasi: zinkhanira zinayi zakuda bii, ndi kangaude mmodzi waubweya, wamkulu ngati chikhatho changa, amene anamupatsa dzina loti Adona. Anzathu ali ndi abale oweta amphaka. Ine ndinapatsidwa achimwene oweta zinthu zimene munthu wamutu wabwino amaziphwanya ndi nsapato.

Alamu anga, akazi awo, anapirira zaka zitatu, kenako anamanga katundu wawo. Adona anatsala, ndipo anakhala ndi achimwenewo zaka khumi ndi ziwiri.

Sitiroko inawagwetsa ali pa tebulo lawo la ntchito. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, pakamwa panapotoka. M'chipatala ankangoyang'ana kukhoma, chakudya osachikhudza. Mayi wa mafizo, wothandiza odwala kulimbitsa ziwalo, anawapatsa kampira koti azifinya, iwo n'kukagwetsera pansi pa bedi.

"Akapanda kudya ndi kulimbitsa dzanjali, muno satulukamo ndi miyendo yawo," mayiyo anandiuza pakhonde.

Ndinayesa kupemphera, ndinayesa kukalipa, zonse zinapita pachabe. Tsiku lina ndinangoti, "Zilombo zanu zija ndikuzidyetsa ndine. Koma kachitseko ka bokosi la Adona kakundivuta."

Anatembenuka. "Kamafuna zala ziwiri," anatero movutikira. "Ndipatse kampira kaja."

Kuyambira tsiku limenelo anayamba kudya. Ankafinya kampira mpaka thukuta kamukamu, kuti tsiku lina adzatsegule okha kachitsekoko. Zinandipweteka kuti kangaude wachita zimene ine mlongo wawo ndinalephera. M'mawa uliwonse ndinkathira madzi m'tizivindikiro ta mabotolo, ndipo kamodzi pa sabata ndinkaponyamo mphemvu ndi kapanira wautali, tsitsi likundiimirira.

Lachinayi lina ndinapeza Adona atagona chagada, miyendo yonse m'mwamba, osagwedezeka. Ndinagogoda galasi. Zii. Ntchito yanga ndi yoyeretsa m'maofesi, ndipo manja anga akaona chakufa sadikira kufunsa. Ndinawawola ndi chowolera zinyalala, n'kukawataya m'bini kuseri kwa nyumba. Bokosi ndinalitsuka ndi sopo mpaka linawala. Ndisaname, mumtima ndinapumako. Nkhawa yanga inali imodzi yokha, ya momwe ndikawauzire achimwene.

Masana ndinawapeza atakhala tsonga pabedi, mbale ili mbee. Sanandipatse mpata woyamba nkhani yanga.

"Mlongo wanga, Adona asiya kudya, eti?"

"Eya, papita masabata awiri."

Anamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa. "Ndiye nthawi yakwana. Ndinaiwala kukuuza. Ukawapeza atagona chagada, usawakhudze, ngakhale kugogoda galasi. Amakhala akufundula."

"Akufundula?"

"Kuvula khungu lakale. Kangaude wakufa sagona chagada ayi, amafumbata miyendo kunsi kwa mimba. Adona akamatuluka m'khungumo amakhala ofewa kwambiri, ngakhale mphemvu ikhoza kuwapha. Bwanji nkhope yagwa chonchi? Mantha basi? Iwe ndi mantha ako!"

Ndinati ndaiwala chitofu choyaka kunyumba.

Bini inali isanatengedwe. Ndinaikhuthulira pansi, mayi woyandikana nawo nyumba akundiyang'ana pawindo ngati ndapenga. Adona ndinawapeza pansi pa makoko a nthochi. Anali atatulutsa miyendo inayi m'khungu lakale, yotuwa, yonyezimira, yatsopano. Inayo inakanirira mkati. Nyerere zinali zitawakuta thupi lonse. Ndinaziuzira, ndinazichotsa ndi nthenga, ndikulankhula ndi kangaude ngati mwana wodwala. Mwendo umodzi unagwedezeka kawiri. Kenako miyendo ija inayamba kupindikira kunsi kwa mimba pang'onopang'ono, monga momwe achimwene ananenera.

Ndinalira pamenepo, pakati pa zinyalala, ine amene ndinkadana nacho chinthucho.

Ndinapita kwa bambo amene anagulitsa Adona kwa achimwene kalekale, kukafuna kangaude wina wofanana nawo. Anali ndi tiana tokhatokha, tating'ono ngati chikhadabo. "Kuti kafike pa msinkhu umenewo, mayi, mudikire zaka zisanu ndi ziwiri," anatero. "Ndipo mwiniwakeyo simungamunamize."

Papita masabata atatu tsopano. Tsiku lililonse amafunsa, tsiku lililonse ndimayankha kuti Adona ali bwino, ayambanso kudya. Akuti khungu lakale ndiwasungire, makungu onse khumi am'mbuyomu amawasunga m'kabati. Ndikawauza zoona ndikuopa kuti atembenukiranso kukhoma, ndipo ulendo uno palibe chimene ndingawadzutse nacho. Ndikapanda kuwauza akadzionera okha. Ndazungulira nazo m'mutu mpaka ndatopa, njira yachitatu sindikuiona.

Dzulo nditalowa anandikodola ndi dzanja lakumanzere.

"Bwera uone."

Anakweza dzanja lamanja lija, likunjenjemera. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zinayandikirana pang'onopang'ono mpaka zinakhudzana. Anatola kasupuni pa tebulo, n'kukagwira m'mwamba. Mayi wa mafizo anaomba m'manja.

"Adokotala ati Lachisanu ndituluka," anatero achimwene. "Usawatsegulirenso Adona. Ndikatsegula ndekha."