Gemu ya Njerwa ya Malemu Zikhale

“Nanga kachidole kolira kaja kali kuti?”

Anafunsa ndi a Norman, mng'ono wawo wa malemu Ackson Zikhale, ataima pakati pa balaza manja ali m'chiuno. Panali patapita masiku asanu chiikireni maliro ku Mzimba. Banja linali litabwerera kunyumba ya boma ya ku Area 11, ndipo tsikuli linali logawa katundu wa malemu. Masuti atatu anali atagona pasofa, nsapato zili pamzere pansi pake. Wailesi ndi njinga zinali zitatuluka kale, Everson wa m'dimba atazikweza pa lole imene inkadikira kunja kwa geti.

Janeth, mwana womaliza wa malemu, anaima pakhomo la kukhitchini atanyamula thireyi ya makapu. Kachidoleko kanali m'thumba la siketi yake, kakumugunda pantchafu akangosuntha.

“Kachidole kake kati, alamu?” anafunsa a Enifa, amayi ake a Janeth, osadzutsa mutu. Ankapinda malaya a amuna awo, limodzilimodzi, ngati mwini wake awavala Lolemba.

“Ka njerwa kaja. Achimwene ankakagwira ngati buku la nyimbo. Ndalonjeza kale ana kunyumba.”

Janeth anayang'ana nthunzi ya tiyi, nalakalaka atasanduka nthunziyo, atulukire pawindo.

Bambo ake sanali munthu wa zidole. Anafika ku Lilongwe atakhala pamwamba pa lole ya mafailo, chaka chimene likulu linkasamuka ku Zomba, City Centre ikadali tchire ndi fumbi lofiira. Zaka makumi awiri anasunga mafailo ku Capital Hill, ndipo kunyumba mawu awo ankawasunganso chimodzimodzi: osatuluka popanda chifukwa. Ndiye tsiku lina Loweruka, zaka ziwiri zapitazo, anabwera kuchokera ku Old Town ndi kabokosi ka pulasitiki kotuwa, kokwana m'manja awiri, ka galasi laling'ono ndi mabatani achikasu. Pagalasipo pankagwa tinjerwa tamitundumitundu. Iwe unkafunika kutitembenuza tisanafike pansi, kutilowetsa m'mipata, ndipo mzere ukadzaza unkazimiririka, nambala n'kukwera. Tinjerwa tikaunjikana mpaka kudenga, basi wafa.

Tinjerwato anatipatsa mayina. Panali bokosi, khasu, njoka, kampando, ndi ndodo yaitali ija imene imabwera ikafuna yokha.

Janeth atalemba mayeso a folomu folo, masiku anatalika ngati msewu wa ku Mchinji. Zotsatira sizinkabwera, makalata sankabwera, moyo weniweni unkaoneka kuti ukuchitikira anthu ena kutali. Madzulo aliwonse dzuwa likapendeka ankakhala pakhonde ndi bambo ake, n'kumalandizana gemuyo.

“Wathamangiranso,” ankatero iwo. “Mzere umodzi ndi handiredi basi. Iwiri, fili handiredi. Koma inayi pamodzi ndi fifitini handiredi. Manga khoma lako, usiye mpata kumanja, udikire ndodo.”

“Nanga ikapanda kubwera, adada?”

“Imabwera. Vuto lako umafuna ibwere dzulo. Ndipo ikatsamira khoma sitembenuka. Isunthe kaye pakati, uyiimike, ndiye uyikankhire kumalo kwake.”

M'zokambirana zimenezo anamva mawu ambiri a bambo ake kuposa m'zaka zonse za ubwana wake. Ndipo pakona ya galasi panali nambala imene sinkasintha: 41,300, yapamwamba kuposa zonse zimene kabokosiko kanaonapo. Janeth sanadutsepo ngakhale 9,000. Nambalayo inkakhala ndi moyo malinga mabatire ali m'kati. Ukawachotsa onse, imafufutika, pamatsala ziro. Nchifukwa chake bambo ake ankasintha batire limodzi panthawi, mwachangu, atabanika mpweya ngati munthu woolotsa dzira pamlatho wa mtengo umodzi.

Masuti akanatha kupita. Nyumba nayo boma linali litanena kale kuti atulukemo pakatha miyezi itatu. Koma nambala ija, kwa Janeth, inali chinthu chokha chimene zala za bambo ake zinapanga n'kukhala chikuonekabe.

“Janeth, tiyi azizira,” anatero amayi ake.

Anayenda, nawerama kuti aike thireyi patebulo. Thumba linakanikizika pamphepete pa tebulolo, batani linadinika, ndipo kanyimbo kopyapyala kaja kanayamba kulira m'balaza monse, kosangalala ngati sikadziwa kuti m'nyumba muno mwagwa zovuta.

A Norman anamuyang'ana. Kenako anatambasula dzanja.

“Mwana wa achimwene, wayamba kubisa katundu wa maliro?”

“Sindinabise, adada aang'ono. Ndimangosunga.”

“Kusunga ndi kubisa ndi pachibale. Bweretsa.”

Anapereka. A Norman anakatembenuza kabokosiko, naika chikhadabo pa kachivindikiro ka kumbuyo, n'kukatsegula.

“Mabatirewa ndichotse, angathere m'chikwama tisanafike ndi ku Kasungu komwe.”

“Musachotse!”

Mawuwo anatuluka okha, akuluakulu, osapempha chilolezo. Everson, amene ankalowa kudzatenga sutikesi, anaima pakhomo n'kubwerera chafutambuyo.

“Mukachotsa, nambala ya adada ifufutika,” anatero Janeth, tsopano motsitsa mawu. “Tengani zonse. Tengani ndi bedi langa lomwe. Koma imeneyo ayi.”

“Nambala?” A Norman anaseka pang'ono, kuseka kotopa. “Iwe, munthu tamuika m'manda, ukulira nambala? Ukuganiza kuti ine ndikutenga izi chifukwa cha umbombo? Katundu wa mwamuna amabwerera kwawo, ndi mmene tinapezera. Achimwene aja anandibereka kumsana kupita nane kusukulu, mtsinje utadzaza. Nanenso ndikufuna m'nyumba mwanga muzilira kanthu kake. Kapena wamasiye ndi iwe wekha?”

Janeth anawayang'ana. Maso a bambo ake aang'onowo anali ofiira, ndipo aka kanali koyamba kuti aone kuti chibwano chawo chinali chofanana ndi cha malemu.

A Enifa anaika malaya otsiriza pamulu.

“Alamu, tandipatsani kaye.”

“Mukufuna mutani nako?”

“Nditsanzikane nako. Zimenezo mwambo suletsa.”

A Norman anapereka, koma kachivindikiro anakasunga m'dzanja. A Enifa anakhala bwino pampando, nakonza duku lawo lakuda, natsekera mabatire ndi zala ziwiri kumbuyo kuti asagwe. Ndipo anadina batani loyambira.

Janeth sanawaonepo amayi ake atagwira gemuyo. Ankawadziwa ngati munthu wodutsa pakhonde ndi beseni, akung'ung'udza kuti anthu awiri athunthu akutha mabatire a tochi. Koma tsopano zala zawo zazikulu zinkayenda ngati zikusankha nyemba m'lichero. Khasu linatembenuka kawiri m'mwamba n'kukagona pamalo pake. Njoka anaiimika m'mbali. Khoma linakwera losalala, lopanda bowo, mpata uli kumanja. Ndodo itabwera, anaiimika pakati, naikankhira kukhoma, ndipo mizere inayi inazimiririka kamodzi.

“Aa,” anatero a Norman, nakoka mpando.

Tiyi anazizira. Dalaivala wa lole analiza hutala kawiri, kenako anatopa. Nambala inadutsa 10,000, inadutsa 20,000, tinjerwa tinayamba kugwa ngati matalala. Nthawi ina njoka inagwa molakwika n'kusiya kampata pansi pa denga, ndipo Janeth anagwira pakamwa. Koma amayi ake anadikira kampando, nakatsitsa choimirira mpaka pansi penipeni, n'kukatembenuza pa mphindi yomaliza. Kanalowa pansi pa dengalo ngati mphaka wolowa m'nkhokwe.

“Amama, munaphunzira liti?”

“Usandilankhulitse.”

Koma atadutsa 35,000 anayamba kulankhula okha, maso ali pagalasi.

“Ukukumbuka adada ako atapita ku Zomba sabata zitatu, kukatenga mafailo otsala? Iwe unali kusukulu yogonera konko. Nyumba yonseyi ndinali ndekha ndi mawu a njiwa. Kabokosika ndinakapeza pansi pa pilo.” Mizere inayi inazimiririka. “Nambala ukulirayo ndi yanga.”

Janeth anayang'ana pakona ya galasi.

“Si ya adada?”

“Atabwera anaiona. Sananene kanthu, anangondiyang'ana n'kupempha madzi osamba.” Bokosi linagwa, khasu linatsatira. “Adada ako ankandiposa kutali. Folote sauzande ankafika akuyasamula. Ndinkawaona ine, ndikamadutsa kumbuyo kwawo ndi beseni. Ankafika pafupi, pafupi penipeni, ndiye…”

Sanamalize. Nambala inali pa 39,900. Khoma linali litakwera, mpata wa kumanja uli wakuya, wakuda, wodikira. Ndodo imodzi yokha ikanakwanira kuti nambala yakale ichoke, yatsopano ikhale m'malo mwake.

“Zaka ziwiri,” anatero a Enifa. “Sanandiuzepo, nanenso sindinawauze kuti ndikudziwa.”

A Norman anatsokomola, nayang'ana kudenga kanthawi. Kenako anatambasula dzanja n'kuika kachivindikiro kaja padzanja la mpando wa alamu awo.

“Mukamaliza mutseke, alamu, mabatire angagwe,” anatero. “Ana anga ndikawagulira mpira. Achimwene ankandilola ndiwagonjetse pa bawo, ine n'kumayenda m'mudzi monse kudzitama. Ndiye kuti nanenso…” Anapukusa mutu, osaimirira, maso ali pagalasi.

Pamwamba pa galasi panatulukira ndodo.

Mtima wa Janeth unathamanga monga mwa masiku onse, ukufuula chamumtima kuti iimikeni, ikankhireni kumanja, msanga. Amayi ake anaiimikadi. Anaisuntha mpaka inafika pamwamba pa mpata. Ndiye anaibweza pang'ono kumanzere, naitembenuzanso, n'kuigoneka chopingasa, pang'onopang'ono ngati munthu wofunditsa mwana, mpaka inatseka pakamwa pa mpata uja.

Anachotsa zala pa mabatani. Tinjerwa tinapitiriza kugwa tokha, tikusanjikizana pakati mpaka kudenga, ndipo kanyimbo kotsiriza kanalira. Pakona panali pakadali 41,300.

“Adada ako ankachita chonchi,” anatero a Enifa.