Mkamwini Afunsa za Lamulo

1.
Elube tinamuika Lachiwiri. Dothi la pamanda lisanaume, azilamu anga anali atayamba kale kuyang'ana malata a nyumba yanga.

2.
Mkamwini. Ndi mmene akhala akunditchulira m'mudzi muno kuyambira tsitsi lili lakuda. Kuno mwamuna amatsata mkazi, amamanga pa malo a mkazi, amalima munda wa mkazi, ndipo mkazi akamwalira abale ake amamusudzula, ndiye kuti amumasula, abwerere kwawo. Kwathu ku Phalombe kunatsala manda ndi adzukulu a mlongo wanga osandidziwa nkhope. Ana anga aamuna nawonso ndi akamwini m'midzi ya eni.

3.
Mwandida, mwana wanga wamkazi yekhayo, amaphunzira zamalamulo ku Zomba. Ndinamukokera kuseri kwa khola.
Iwe, lamulo likuti chiyani? Ndichoka kapena ndikhala?
Bambo, zimatengera kuti tikunena lamulo liti.
Alipo angati?
Anayang'ana nkhuku.

4.
Kenako anayamba kulankhula mofulumira, akuti kusukulu kwawo kuli phunziro la dzina lalitali lokana kukhala pa lilime langa ndipo ntchito yake ndi kufunsa kuti lamulo n'chiyani, basi, kufunsa kokha, akuti zinayamba kalekale ku Roma kumene akuluakulu odziwa milandu ankakhala pansi anthu n'kumabwera kudzawafunsa, pambuyo pake ena anati lamulo lenileni ndi la Mulungu ndipo loipa si lamulo konse, ena anati ayi lamulo ndi mawu a wolamulira amene wagwira ndodo, ena anati ndi zimene anthu anazolowera, ena anati ndi chimene woweruza wanena tsiku limenelo, ndipo onsewo anamwalira asanagwirizane ndipo ana awo akukanganabe mpaka lero
Ine ndinangofunsa za nyumba.

5.
Malamulo amene ndawaona ndi maso angawa:
msonkho, bambo anga akubisala m'phiri;
mizere ya m'munda mmene ankaifunira mzungu;
khadi la chipani, ukapanda nalo sulowa mumsika;
mkazi kuvala thalauza, mlandu;
mkazi kuvala thalauza, ufulu.
Lililonse linkabwera likunena kuti labwera kudzakhala.
Lamulo liti.

6.
Elube, iwe unkati ine ndimakayikira mvula ngakhale ikundinyowetsa. Njerwa zija tinaumba tonse, iwe kutunga madzi, ine kuponda dothi. Mango ndinabzala ndine. Chitseko ndinachisenza pamutu kuchokera pamsika, iwe ukuseka kuti ndikuoneka ngati tebulo likuyenda. Dzuka uwauze.

7.
Ndatopa.

8.
Tsiku losudzula mkamwini uja anamukhazika pampando pakati pa abale a mkazi wake. A Likaka, mchimwene wa malemu, mwini mbumba, analankhula nthawi yaitali. Anathokoza kuti mlongo wawo anasamalidwa mpaka tsiku lomaliza, anati palibe chifukwa, palibe mangawa, alamuwa ndi omasuka, akafuna kukwatira akwatire. Anthu anaseka pang'ono. Mkamwiniyo ankangoyang'ana mawondo ake.
Kenako a Likaka anati nyumba ndi munda si zawo iwo, mwambo ukuti ndi za mwana wamkazi wa malemu.
Mwandida, nena.
Bambo akhala.
Azimayi anaomba m'manja.
Mwamvatu alamu, anatero a Likaka. Musamatiyang'anenso ngati tabwera kudzaba mbuzi.

9.
Lamulo liti. Sindinafunsenso. Masana amenewo ndinakwera pamwamba ndi kukhoma lata lomwe linkaphuphuluka chiyambire matenda a Elube.

10.
M'mawa mwake ndinamuperekeza Mwandida kokwerera minibasi, nditamunyamulira chikwama. Tili pamsewu anandiuza, maso ali pa nsapato zake, kuti pali mnyamata, amaphunzira limodzi, kwawo ndi ku Mzimba. Kumeneko mwamuna satsata mkazi. Amapereka ng'ombe, mkazi amapita kwa mwamuna, ana amakhala a kuchimuna. Abale a mnyamatayo anali atafika kale kwa amalume ake a Mwandida, a Likaka, Elube akadali m'chipatala.
Nanga munda wa mayi ako?
Ine ndikachoka ubwerera ku mbumba. Ana a mayi aang'ono alibe polima.
Nyumba?
Anatembenukira kumsewu kuyang'ana minibasi.
A Likaka ankadziwa zonsezi dzulo lija?
Ndi iwo anati ndinene choncho. Anati tisakuwonjezereni misozi.
Minibasi inaima, kondakitala anandilanda chikwama m'manja.
Ndiye ndikhala mpaka liti?
Akuti a ku Mzimba abwera kudzanditenga akakolola, bambo.
Ndinabwerera njira yodutsa m'minda. Chimanga chayamba kale kuuma.